Dziwe losambiramo pakhomo: zofunika kudziwa khasu lisanalowe pansi

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi eni nyumba amene ayamba kukumbitsa maiwe osambiramo kuseri kwa nyumba zawo ku Lilongwe, ku Blantyre ndi m'mbali mwa nyanja. Ambiri akupereka ntchitoyi kwa mmisiri amene anawamangira mpanda wa njerwa, pamene dziwe ndi thanki yosenza katundu woopsa. Dziwe la mamita 8 mulitali ndi 4 mulifupi, lozama kuyambira mita 1 mpaka mamita 1.8, limalowa madzi okwana malita pafupifupi 45,000. Amenewo ndi matani 45 okankha pansi ndi makoma usana ndi usiku.

Yambani ndi nthaka. Kumbani dzenje loyesera lozama mamita 2, makamaka mu Febuluwale kapena Malichi, mulisiye masiku angapo. Likadzaza madzi lokha, dziwani kuti madzi a pansi ali pafupi. Malo otere, dziwe likakhala lopanda madzi nthawi ya dzinja limanyamulidwa ndi madzi a pansiwo ngati bwato, mapaipi n'kuthyoka. Mankhwala ake ndi kuyala miyala ya kwale pansi pa konkire, kuika paipi yoboolaboola yochotsa madziwo, ndiponso valavu yolola madzi a pansi kulowa m'dziwe pamene mulibe kanthu. Dothi la makande, lofala m'madambo ndi m'madera ngati Salima ndi ku Chigwa cha Shire, limafufuma mvula ikagwa n'kung'ambika m'chilimwe. Pamenepo musayambe popanda injiniya. Talikiraninso thanki ya chimbudzi ndi mitengo ya mizu yoyenda patali monga bulugamu ndi mango, ndipo pulani ipite ku khonsolo ya mzinda ntchito isanayambe.

Pansi ndi makoma zikhale za konkire yochindikala masentimita 20, yokhala ndi zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12) zolukidwa motalikirana masentimita 20 mbali zonse. Zitsulozo zikhale mkati mwa konkire ndi masentimita 5, chifukwa zikayandikira kunja zimachita dzimbiri, dzimbirilo n'kuphulitsa pulasitala. Kasakanizidwe kake: thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, wilibala imodzi ya kwale. Dziwe la msinkhu tatchulawu limadya matumba oposa 130 pa konkire yokha. Wina akakuuzani kuti 60 akwana, ameneyo akufuna kubweranso kudzamata ming'alu.

Pamene pamadontha kawirikawiri ndi pokumana pansi ndi khoma. Konkire ya dzulo sigwirana bwino ndi ya lero, choncho ngati simungathire zonse tsiku limodzi, ikani lamba wa labala woletsa madzi pa mkombero wonsewo, ndipo zitsulo za pansi zipindikire m'khoma. Tsenderani konkire ndi makina onjenjemeretsa kuti musatsale timapanga. Anyamata amakonda kuwonjezera madzi kuti fosholo ipepuke. Aletseni, madzi ochuluka ndiwo amasiya timabowo. Mukatha, thirirani konkireyo masiku osachepera 7, ndipo mu Okutobala muifunditse masaka onyowa.

Mapaipi akhale a PVC a mamilimita 50, a mtundu wopirira mphamvu ya madzi, osati opyapyala a madzi otaya. Musanakwirire, tsekani kumapeto, popani madzi, muyang'ane geji yoyezera mphamvu ya madzi kwa maola 24. Singano ikatsika ndiye kuti pena pakudontha, ndipo kukonza lero n'kotchipa kusiyana ndi kudzaswa matailosi chaka chamawa.

Zimene eni ake saziwerengera ndi ndalama za mwezi ndi mwezi. Madzi onse ayenera kudutsa mu sefa ya mchenga kamodzi pa tsiku. Pampu ya 0.75 kW ikamayenda maola 8 imadya mayunitsi 6 patsiku, kutanthauza 180 pamwezi. Magetsi akazima masiku awiri nthawi yotentha, kolorini ali wochepa, madzi amasanduka obiriwira ndi ndere. N'chifukwa chake pampu yoyendera sola ndi yoiganizira poyambirira pomwe. Dzuwa nalo limamwa gawo lake: kukatentha madzi amatsika mamilimita 5 kapena 6 patsiku, omwe pa dziwe ili ndi malita oposa 150. Chovundikira chimachepetsa zimenezi kwambiri. Odalira madzi a m'chitsime chobooledwa ndi makina ayambe awayezetsa, poti ngati muli chitsulo chambiri amasanduka ofiirira mukangothira kolorini, n'kudetsa makoma. Kumbukiraninso kuti chitsime chotere chimafuna chilolezo cha National Water Resources Authority.

Gulani kachida koyezera madzi, muyeze kawiri pa sabata. pH, mlingo wa asidi m'madzi umene umatsika asidi akachuluka, ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, kolorini pakati pa 1 ndi 3 ppm (magawo pa miliyoni). pH ikakwera, kolorini amafooka ngakhale muthire wochuluka bwanji, ndiye anthu amangodandaula kuti anawagulitsa wachinyengo. Asidi wotsitsira pH muzimuthira m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo asakumane ndi kolorini mu ndowa imodzi, chifukwa utsi wake umawotcha mapapo. Aphunzitseni bwino bambo a m'munda ngati ndiwo azisamalira, muwagulire magolovesi ndi magalasi. Dziwe lotayiriridwa, pampu itafa, limaswetsa udzudzu wokwanira mdadada wonse.

Nyali za m'madzi zikhale za mavoti 12, thiransifoma ili kutali ndi madzi, ndipo pampu ilumikizidwe ku swichi yozimitsa yokha magetsi akathawira pansi, ya 30 mA. Izi agwire wamagetsi wa chiphaso.

Mpanda wa pakhomo sukwanira, chifukwa ana amene ali pangozi ndi a m'nyumba momwemo: anu, a antchito, a alendo. Mwana amamira mosakuwa, m'mphindi zochepa. Dziwe lizunguliridwe ndi mpanda wakewake wotalika mita 1.2, mipata yake yosapitirira masentimita 10, geti lodzitseka lokha lotsegukira kunja, loko ali pamwamba. Mpandawo uyime madzi asanathiridwe, ndipo mtengo wake ulembedwe mu koteshoni yoyamba.

Ndife,
Amisiri omanga ndi okonza mapaipi,
Lilongwe