Achibale anga akukana kukayezetsa matenda akumtundu ochulukitsa ayironi m'thupi

Okondedwa Alangizi,

Ndine bambo wa zaka za m'ma 40, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana atatu. Ndalemba kalatayi kuti mundithandize nzeru pa nkhani ya matenda amene anandipeza nawo chaka chatha, otchedwa haemochromatosis, omwe ndi akumtundu ndipo amachititsa kuti thupi lizisunga ayironi wochuluka kuposa amene likufunikira. Kumbali ya chithandizo ndilibe dandaulo lalikulu chifukwa akuchipatala akundisamalira bwino. Chimene chandisowetsa tulo ndi achibale anga obadwa nawo bere limodzi, amene akukanitsitsa kukayezetsa pamene nawonso akhoza kukhala kuti matendawa akuwadya mwakachetechete.

Popeza anthu ambiri sanamvepo za matendawa, mundilole ndifotokoze monga adokotala anandifotokozera. Thupi la munthu wamkulu limakhala ndi ayironi wokwana magalamu 3 kapena 4, ndipo wambiri amakhala m'magazi. Tsiku lililonse matumbo amatenga miligalamu 1 kapena 2 kuchokera m'chakudya, kungobwezeretsa amene watayika. Vuto ndi lakuti thupi lilibe njira yotayira ayironi wotsala. Chomwe limatha kuchita ndi kutseka chitseko akakwana, ndipo mlonda wa pachitsekopo ndi hepcidin, amene amapangidwa m'chiwindi. Kwa anthu ngati ine hepcidin amakhala wochepa, choncho ayironi amangolowabe chaka ndi chaka n'kumaunjikana m'chiwindi, mumtima, m'mfundo za mafupa, pakhungu ndiponso m'chiwalo chimene chimapanga insulini, mwakuti ena amapezeka atasunga magalamu 20 kapena kuposerapo. Zikafika poipa, chiwindi chimauma ndi zipsera ndipo chikhoza kugwidwa khansa, mtima umayamba kugunda mosalongosoka, ndipo matenda a shuga amalowa.

Kwa ine zinayamba ndi kutopa kosadziwika bwino, kwakuti ngakhale ndigone usiku wonse ndinkadzuka ngati ndachezera ntchito. Kenaka mfundo za m'munsi mwa chala chamkombaphala ndi chapakati zinayamba kuwawa, mpaka ndinayamba kuopa kupatsana moni wa pamanja ndi anthu ogwira mwamphamvu, ndipo kutsegula botolo lothina ndinkachita kupempha mwana. Aliyense amene ndinkamuuza ankayankha chimodzimodzi, kuti ndachepa magazi, ndipo mankhwala owonjezera magazi ndi amene ankandilangiza kumwa. Palibe amene ankadziwa kuti mankhwala amenewo ndi ayironi yemweyo amene anali atandichulukira kale.

Dokotala wina ataona kuti zotsatira za chiwindi changa sizinali bwino, anaitanitsa kuti andiyeze zinthu ziwiri m'magazi. Choyamba ndi transferrin saturation, chomwe chimaonetsa kuchuluka kwa ayironi amene akuyenda m'magazi, ndipo chikapitirira 45 peresenti madokotala amayamba kukayikira. Chachiwiri ndi ferritin, chomwe chimaonetsa ayironi wosungidwa. Kwa mwamuna akapitirira 300, kapena 200 kwa mkazi, ndiye kuti wakwera, koma wanga anali atadutsa 1000, pomwe chiopsezo cha kuuma kwa chiwindi chimakula kwambiri. Anandichenjeza kuti ferritin payekha sapereka yankho, chifukwa amakweranso ndi mowa, kutupa kwa m'thupi kapena mafuta a m'chiwindi, n'chifukwa chake anatumiza magazi kuti akaunike chibadwa changa. Anapeza kuti pa mbali ya chibadwa yotchedwa HFE, imene akatswiri anaitulukira mu 1996, ndili ndi cholakwika chotchedwa C282Y, ndipo ndinachitengera mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi. Ataunika chiwindi anapeza kuti chayamba zipsera koma sichinafike pouma, ndipo pa ichi chokha ndimathokoza.

Chithandizo chake ndi chimene chautsa mapiri pachigwa kwathu. Sapereka mapiritsi ayi, koma amachotsa magazi, pafupifupi mamililita 500 pa ulendo umodzi, mofanana ndi mmene amachitira ndi munthu wopereka magazi. Thumba limodzi lotere limatuluka ndi ayironi wokwana mamiligalamu pafupifupi 250, ndipo thupi likamapanga magazi atsopano limakatapa ayironi wosungidwa uja. Mukawerengetsa muona kuti pamafunika matumba anayi kuti galamu imodzi ichoke, n'chifukwa chake poyamba munthu amapita sabata ndi sabata kwa miyezi yambiri, mwinanso kupitirira chaka. Asanandibaye amayamba ayeza kaye ngati magazi anga ali okwanira, ine ndimakhala nditadya ndi kumwa madzi ambiri, kenaka ndimagona chagada n'kumafinya kampira m'dzanja uku thumba likudzaza pambali panga. Cholinga n'chakuti ferritin atsike kufika pakati pa 50 ndi 100, ndipo akafika pamenepo ndizidzapita maulendo ochepa chabe pachaka kwa moyo wanga wonse. Anandiletsa mowa, mankhwala owonjezera magazi, mapiritsi a vitamini C amene amathandiza thupi kutenga ayironi wambiri, komanso nkhono ndi nkhanu za m'nyanja zosaphika. Nyama yofiira anati ndizidya mochepa, koma anatsindika kuti kusala zakudya pakokha sikungalowe m'malo mwa kuchotsa magazi. Kutopa kuja kwachepa ndithu, koma zala zikuwawabe, ndipo anandiuziratu kuti ululu wa m'mfundo nthawi zambiri sumvera chithandizochi.

Mayi anga sakumvetsa ngakhale pang'ono. Iwo akuti chibadwire chawo sanaonepo munthu wofooka akuchotsedwa magazi, akuti wofooka amamuwonjezera, ndipo akukhulupirira kuti akuchipatala andimaliza. Akabwera kudzandiona amabwera ndi botolo la mankhwala owonjezera magazi lomwe agula ndi kandalama kawo kochepa, n'kukhala pampando kudikira kuti aone ndikumwa. Ndakhala ndikuwazemba ponena kuti ndimwa ndikadya, koma mabotolo akuchuluka m'kabati ndipo mtima ukundipweteka, chifukwa ndikudziwa kuti akuchita zimenezi mwa chikondi. Kodi ndingawauze bwanji mayi okalamba kuti mphatso yawoyo ikhoza kundiwononga chiwindi, popanda iwo kumva ngati ndawanyoza kapena ndikuwaimba mlandu wondipatsira matenda?

Koma nkhawa yanga yaikulu ili pa achimwene anga aakulu. Adokotala anandiuza kuti popeza makolo athu onse awiri ali ndi cholakwikachi, m'bale wanga aliyense ali ndi mwayi wosachepera umodzi mwa inayi wokhala nacho mbali zonse ziwiri ngati ine, ndipo anandipatsa kalata yoti ndikawaonetse. Achimwenewa amamwa mowa kwambiri, anawapeza ndi matenda a shuga zaka zingapo zapitazo, amadandaula mawondo, ndipo khungu lawo lasintha n'kuyamba kuoneka lotuwa moderako. Sindine dokotala, koma ndikaphatikiza zonsezi thupi limachita tsembwe, makamaka podziwa kuti mowa ndi ayironi zikakumana m'chiwindi chimodzi zimachiwononga msanga. Nditawapatsa kalatayo anaiwerenga, anaipinda n'kundibwezera, amvekere amenewo ndi matenda a azungu. N'zoona kuti mtundu uwu wa matendawa umapezeka kwambiri mwa anthu amene makolo awo anachokera kumpoto kwa Ulaya, koma iwo akudziwa bwino lomwe kuti m'banja mwathu magazi ndi osakanikirana mbali zonse ziwiri, ndipo zotsatira zanga zili papepala. Ine ndikuona kuti si kusamvetsa ayi, koma mantha: akuopa kuuzidwa kuti asiye mowa, ndiponso akuopa zimene angapeze m'chiwindi chawo. Bambo athu anamwalira ndi matenda a chiwindi asanakalambe, aliyense n'kunena kuti ndi mowa, ndipo nkhani imeneyi m'banja mwathu sitiikamba.

Ndine wamng'ono kwa iwo, ndipo nthawi iliyonse ndikayambitsa nkhaniyi amaiona ngati mwano. Alamu anga, akazi awo, ndi munthu womvetsa zinthu ndipo ndikudziwa kuti nditawafotokozera akhoza kuwakakamiza, koma ndikuopa kuti achimwene akadziwa kuti ndawadutsa kumbali ubale wathu udzasokonekera. Kodi n'koyenera kuti ndilankhule ndi alamu mwamseri pa nkhani ya thanzi la amuna awo, kapena ndipemphe wachibale wina wamkulu amene iwo amamumvera kuti akhale pakati pathu?

Achemwali anga nawo akuti iwo ali bwinobwino ndipo saona chifukwa choyambira dala kufunafuna matenda. Ndayesa kuwauza kuti akazi amatetezeka kwa kanthawi chifukwa amataya ayironi posamba mwezi ndi mwezi komanso pa uchembere, ndipo kuti zizindikiro zimakonda kuonekera akasiya kusamba, msinkhu umene iwo akuuyandikira. Ndawauzanso kuti si aliyense wokhala ndi cholakwikachi amene amadwala, ndiponso kuti wopezeka msanga chiwindi chisanawonongeke amakhala ndi moyo wautali ngati wina aliyense. Amangoti amva, koma osapita.

Palinso nkhani ya m'nyumba mwanga, imene ndikuilemba ndi manyazi. Matendawa amachepetsa chilakolako cha mwamuna chifukwa ayironi amasokoneza tizigawo ta m'thupi topanga mahomoni, ndipo kwa nthawi yaitali ndisanapezeke nawo mkazi wanga ankaganiza kuti ndili ndi wina kumbali. Tsopano choonadi akuchidziwa, koma bala la kukayikirana kuja silinapole, ndipo tikakhala awiri timangolambalala nkhaniyi. Adokotala anapemphanso kuti iyenso ayezetse chibadwa chake, chifukwa akapezeka kuti alibe cholakwikachi ndiye kuti ana athu angokhala onyamula chabe, osati odwala. Apo ayi, aliyense adzayezetse yekha akakwanitsa zaka 18. Iye akuzengereza, akuti akapezeka nacho abale anga adzamuloza chala kuti ndiye wadwalitsa ana. Mwana wathu woyamba watsala pang'ono kufika zaka zimenezo ndipo amafunsa chifukwa chimene ndimabwerera kunyumba ndi bandeji pamkono sabata iliyonse.

Chonde Alangizi, ndiuzeni poyambira. Kodi ndiyambe ndi kukhala pansi ndi mkazi wanga kuti tigwirizane zomuuza mwanayu, kapena ndithamangire kaye kwa achimwene amene ndikuona kuti nthawi ikuwathera? Ndipo ngati munthu wamkulu wakana kuyezetsa atauzidwa zonse momveka, kodi m'bale wake ayenera kulekera pati kumuchonderera?

Ine wanu wothedwa nzeru,
Bambo wa ana atatu