Wokhoza mafunso asamachotsedwe ndi mavoti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mpikisano wa mafunso wa pa TV wotchedwa The Weakest Link, umene unayamba pa BBC mu 2000, ndipo kuno ku South Africa ankautsogolera ndi Fiona Coyne pa SABC3. Amalawife kuno ku Rosettenville timaonerabe zigawo zake pa YouTube, ndipo mkangano wake sutha.

Lamulo limati gawo lililonse likatha, opikisana avote kuchotsa amene wafooka. Koma akatsala atatu zimasintha. Awiri amangoponyerana maso, aliyense n'kulemba dzina la katswiri uja amene wakhala akuyankha molondola ndi kuwaunjikira ndalama, poopa kukalimbana naye kumapeto. Iyeyo amatuluka chimanjamanja, chifukwa ndalama zonse amatenga ndi wopambana mmodzi yekha.

Anzanga ena amati uku ndiye kuchenjera, poti lamulo likulola. Ine zimandiwawa. Uku n'kudyera mnzako masuku pamutu, ana athu akuona.

Okonza mpikisanowu amawerenga kale mayankho a aliyense, mpaka oonerafe amatiuza amene watsogola pa gawolo. Nanga chikuwavuta n'chiyani kulamula kuti ameneyo asavoteredwe?

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg