Kalata kwa Mphatso, asanabayitse jakisoni woyamba

Wokondedwa mwana wanga Mphatso,

Ndikukhulupirira kuti inu ndi apongozi anga muli bwino ku Johannesburg. Kuno ku Zomba mvula yayamba, bambo ako akungokhalira kumunda.

Pafoni paja, utandiuza kuti dokotala wapeza kuti testosterone (homoni yachimuna) ndi wochepa m'thupi mwako ndipo uyamba kubayitsa jakisoni wake, ndinangoyankha kuti "chabwino" chifukwa ndinamva manyazi m'mawu ako, komanso bambo ako anali pafupi. Koma usiku wake tulo sindinatione. Ndinagwira unamwino zaka zoposa 30, ndiye undilole ndikulankhule mosabisa mawu.

Wachita bwino kupita kwa dokotala n'kuyezetsa magazi m'mawa kawiri konse, osati kukagula mabotolo kwa anyamata onyamula zitsulo. Kufooka kwakoko kuli ndi dzina ndipo kuli ndi mankhwala. Palibe amene anakulodza.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi ichi. Pa Khirisimasi paja munandiuza kuti mukufuna mwana. Kodi dokotala wako wamuuza zimenezi? Ambiri amaganiza kuti testosterone amawonjezera mphamvu yobereka, koma zoona zake n'zosiyana. Ubongo ukaona kuti m'magazi muli testosterone wokwanira wochokera kunja, umasiya kutumiza mahomoni awiri, LH ndi FSH, amene amalamula machende kupanga mbewu. Mbewuzo zimachepa, mwa amuna ambiri zimatheratu pakangopita miyezi yochepa, ndipo machendewo amatha kufota pang'ono. Chilakolako chidzabwerera, thupi lidzagwira ntchito yake, umuna uzituluka monga kale, koma mkati mwake mwina mulibe mbewu. Mpaka bungwe la WHO linayesapo jakisoni wa testosterone ngati njira yolerera ya amuna, zotsatira zake n'kutuluka mu 1990. Munthu akasiya, mbewu zimabwerera mwa ambiri, koma zimatenga miyezi ingapo, ena chaka kapena kuposerapo.

Ndikudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Banja likakhala zaka ziwiri opanda mwana, chala chimaloza mkazi. Sindikufuna kuti apongozi anga adzanyozedwe ndi azakhali ako pa chinthu chimene chili mu jakisoni wako. Ukhale nawo pansi, uwafotokozere zonse, ndipo mupite limodzi kwa dokotala usanabayitse. Umufunse za kuyeza umuna poyamba, za kusungitsa mbewu, ndi za mankhwala ena monga hCG kapena clomiphene amene amakweza testosterone popanda kutseka njira ya ubereki. Mwina adzati mudikire kaye mimba ioneke.

Tsono za tsiku lobayitsalo. Mankhwalawa amakhala m'mafuta, n'chifukwa chake pathako pamawawa kapena kuuma masiku awiri kapena atatu. Zimenezo zisakudetse nkhawa, pokhapokha patatupa mofiira, patatentha, iwenso n'kuyamba kutentha thupi. Ufunse dzina la jakisoni amene akupatse. Sustanon amasungunulidwa m'mafuta a mtedza, ndipo iwe uli wamng'ono unkatuluka zidzolo thupi lonse ukadya chiponde. Uwauze zimenezo ngakhale asakufunse. Nebido ali m'mafuta a nsatsi, ndi wambiri, 4 ml, ndipo amayenera kubayidwa pang'onopang'ono. Nthawi zina timafuta timalowa m'mtsempha n'kufika m'mapapo, munthu n'kuyamba kutsokomola, kubanika, kutuluka thukuta ndi chizungulire pomwepo. Sizichitika kawirikawiri ndipo nthawi zambiri zimatha zokha, koma usathamangire kukakwera minibasi. Ukhale pabenchi pachipatalapo mphindi 30.

Masabata oyamba uyembekezere ziphuphu kumaso ndi kumsana, khungu lamafuta, mwina akakolo kutupa pang'ono chifukwa thupi limasunga madzi. Ena mabere amawawa kapena kukula. Mtima nawo umasinthasintha, makamaka ndi majakisoni obayidwa masabata awiri kapena atatu aliwonse: masiku oyamba umamva ngati unganyamule galimoto, sukhalira kupsa mtima, kenako jakisoni wina akamayandikira umagwa ulesi ndi kukhumudwa. Iweyo sudzaziona msanga, adzayamba kuona ndi apongozi anga. Akakuuza kuti wasintha, usakangane nawo, ukanene kwa dokotala, pakuti mlingo ndi masiku ake amatha kusinthidwa.

Chimene sichioneka ndi maso ndiye choopsa. Testosterone amachulukitsa maselo ofiira, magazi n'kukhala olimba ngati phala. Kuyeza kwake kumatchedwa haematocrit, ndipo ikapitirira 54 peresenti madokotala amachepetsa kapena kuimitsa kaye mankhwalawa, kuopa magazi kuundana m'mitsempha. Ukayezetse pakatha miyezi 3 mpaka 6, pamodzi ndi BP, poti ya bambo ako ukuidziwa mmene imakwerera. Ngati umaliza mkonono mpaka kubanika kutulo, unenenso, chifukwa vutoli limatha kukula. Ukamva kupweteka pachifuwa, kupuma movutikira, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kapena mbali imodzi ya thupi kuchita dzanzi, usadikire kuti kuche, upite kuchipatala nthawi yomweyo.

Bambo ako sindinawauze kalikonse. Udzawauza wekha ukadzakonzeka. Undiimbire Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, undiuze zimene dokotala wanena pa nkhani ya mwanayo. Apongozi anga uwapatse moni, uwauze kuti ufa wawo ndatumiza kale pa basi.

Ndine mayi ako,
Nabanda