Za mwana wanu ndi ng'ombe zake zadongo

Mpondasi, Mangochi

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu yandipeza Lachiwiri kudzera mwa alamu anu, pamodzi ndi chidole cha tsitsi lachikasu chija, ndipo ndathokoza kwambiri. Mwafunsa ngati mutumize foni ya magemu kuti mwana asamasungulumwe. Kodi Joni yakuiwalitsani kale kuti inu ndi ine tinakulira m'masanje, tikuphika nsima ya mchenga m'zigoba za malambe? Foniyo muyambe mwaisiya, mumve kaye mmene mwana wanu akukhalira kusukulu yathu ya mmera mpoyamba.

Ana tili nawo a zaka 3 mpaka 5, ndipo zoseweretsa zathu zonse n'zotola. Atate a m'komiti anatipatsa bwato lawo lobooka, tinalikokera pansi pa mtengo wa mango n'kulidzaza mchenga wosefa, moti ana amathira ndi kukhuthula ndi zitini mpaka nthawi ya phala. Madzi osewerera timatunga pamjigo, chifukwa kumtsinje wa Shire ndi kunyanja kuli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo sindilola mwana kukatola zigoba za nkhono yekha. Ndimatola ine, n'kuziwiritsa. Utoto timapanga ndi makala osinja, katondo ndi phulusa, burashi yake n'kamtengo kotafuna kunsonga, pomwe zomatira ndi phala la kondoole. Ndili ndi kathumba momwe ndimaikamo chitsononkho, nthenga, thonje ndi mwala wosalala, mwana n'kupisamo dzanja atatsinzina kuti atchule chimene wagwira. Ena amatchula m'Chiyao, ena m'Chichewa, ndipo ndimalandira zonse.

Koma wanuyo mtima wake uli padongo. Amalikanda mwakachetechete lilime lili panja, monga mmene inu munkachitira poluka mlaza, ndipo ng'ombe zake amaziika linunda ndi nyanga za minga. Zala zomwe zinkalephera kugwira choko mwezi wa Meyi tsopano zikujambula mzere wozungulira n'kuutseka bwinobwino. Chidole chanu wachikonda ndithu, wachiumbira mphika ndi mafuwa atatu.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi nthanga za bwemba. Tinkawerengera zimenezi, popeza n'zosalala ndipo ana amakonda kuzigwira, mpaka tsiku lina mdzukulu wa azakhali anu analowetsa imodzi m'mphuno. Ndinamubereka kuthamangira kuchipatala dzuwa lili paliwombo, ndipo anaichotsa bwino, koma kuyambira tsikulo ndimawerenga nthanga potulutsa ndi pobwezera, ndipo ikasowa imodzi ndimayang'ana mphuno ndi makutu a mwana aliyense asanapite kwawo. Lachisanu inasowa imodzi. Ndinasesa bwalo lonse, ndinasefa mchenga wa m'bwato, usiku ndinayenda ndi tochi makomo anayi kufunsa ngati ana akupuma bwino, kenaka ndinaipeza m'mawa itamatidwa ngati diso pa ng'ombe ya mwana wanu. Tsopano aang'ono ndawaletsa nthanga, amawerengera zitsononkho ndi miyala yaikulu yosalowa m'kamwa, koma ngakhale potafuna bwemba kunyumba ndimapezeka ndikuwerenga. Amayi ena nawo akudandaula kuti ana akubwera ndi zovala zamatope pamene sopo wakwera mtengo, ndipo mbuzi za aneba zinaponda ng'ombe khumi zomwe tinayanika pakhonde. Ukwati wa mng'ono wanu unayenda bwino, za kumeneko akuuzani okha.

Pali china chimene ndazengereza kulemba. Sabata yatha ndinauza ana kuti aliyense aumbe anthu a kwawo. Wanu anaumba agogo ake, iye mwini ndi nkhuku, n'kuwaika pamodzi pachikatoni. Kenaka anaumba munthu wina wamtali, wonyamula chikwama, n'kupita naye kukamuimika yekha patsinde pa mgwalangwa, kumalire kwa bwalo. Nditamufunsa anati amenewo ndi amayi, ali ku Joni. Sanalire ayi, koma poweruka anakamutenga n'kumukulunga m'tsamba kuti asasweke, ndipo agogo ake akuti amagona naye kumutu. Sindikulemba izi kuti ndikuwawitseni mtima, ndikudziwa chimene munapitira.

Ngati mukufuna kutumiza kanthu, tumizani masizasi aang'ono osasongoka, makrayoni onenepa ndi mapepala, chifukwa zimenezi sitingatole kutchire. Mutumizenso chithunzi chanu chosindikiza, choti azichigwira m'manja. Komanso pepala lojambulapo dzanja lanu, loti aikepo lake ayerekeze, chifukwa dzulo anandifunsa ngati dzanja la amayi ake ndi lalikulu kuposa langa, ndipo ine ndinati... Pepala landithera, achemwali, ndipo alamu anu akunyamuka m'bandakucha. Ng'ombe ya diso la bwemba ija ndaikulunga m'kansalu, muitsegule mosamala.

Ine mnzanu wa kumasanje