Odwala impso auzidwe za chakudya m'Chichewa

Akonzi,

Mayi anga akhala akudwala impso kwa zaka zingapo, ndipo chomwe chinativuta kwambiri si mankhwala ayi, koma mphika. Kuchipatala anangotiuza kuti "chepetsani mchere ndi potaziyamu". Nanga mayi wa kumudzi potaziyamuyo amudziwa bwanji?

Tinaphunzira movutikira. Impso zikafooka zimalephera kutulutsa potaziyamu (chinthu china chachilengedwe chopezeka m'zakudya), ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima. Amapezeka wambiri mu nthochi, mapeyala, tomato ndi mbatata ya kachewere. Mbatatayi timaisenda, kuidula tizidutswa, kuiviika, kenako kuiwiritsa m'madzi ambiri ndi kuwataya madziwo kuti potaziyamu achepe. Chomwe chinandidabwitsa ndi chidulo cha phulusa chomwe timathira mu therere ndi chigwada: nachonso chili ndi potaziyamu wochuluka. Palibe amene anatichenjeza.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wobisika mu nsomba zouma zothira mchere ndi timakiyubu tokometsera ndiwo. Zakumwa zakuda ngati Coca-Cola tinasiya, pamodzi ndi mapiritsi ochepetsa ululu a ibuprofen ndi zitsamba zogula pamsika.

Odwala amasiyana, n'chifukwa chake dokotala ayenera kuyeza magazi asanaletse chakudya.

Makina otsuka magazi a dialysis ku zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central sangafikire aliyense. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo utulutse kapepala ka m'Chichewa kotchula ndiwo zathu zenizeni, ndipo kafike m'zipatala zazing'ono zakumidzi.

Wowerenga wanu,
Ntcheu