Benjamin Rush ndi unyolo wa pamtengo wa mango

Akonzi,

Ndiloleni ndikambeko za Benjamin Rush, dokotala wa ku Philadelphia yemwe anasainira nawo chikalata cha ufulu wa dziko la America mu 1776. Anabadwa mu 1746, udokotala anakaphunzira ku Edinburgh.

Ndimamuganizira chifukwa cha achimwene anga. Mutu utawasokonekera, ife abale tinawamanga ndi unyolo pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba, nsima tinkawaikira chapatali. Zipsera m'miyendo zilipo mpaka lero, ndipo ndikaziona mtima umandiwawa.

Rush anapeza odwala otere pachipatala cha Pennsylvania Hospital akusungidwa m'zipinda zapansi, zozizira, zamdima. Iye anati awa ndi odwala ngati ena onse, ndipo anaumirira mpaka anawamangira mbali yawoyawo. Mu 1812 anatulutsa buku la matenda a maganizo. Ngakhale uchidakwa ankautcha matenda, anthu ambiri akuuona ngati tchimo chabe.

Sindikuti anali wangwiro. Pa nthawi ya mliri wa yellow fever, matenda ofala ndi udzudzu, womwe unapha anthu pafupifupi 5,000 ku Philadelphia mu 1793, iye sanathawe mumzindamo, komatu mankhwala ake anali kukhetsa odwala magazi ochuluka, zomwe zinawafooketsa ambiri. Anadzudzula ukapolo mu 1773, koma naye anakhalapo ndi kapolo pakhomo pake. Anamwalira mu 1813.

Chonde Akonzi, tumizani mtolankhani kumidzi kuno adzaone omwe adakali pamaunyolo. Achimwene anga anayamba kumwa mankhwala akuchipatala, pano akulima mtedza.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza