Lipoti la miting'i ya ESIA ija munandituma

A Tcheya, amayi ndi abambo nonse a mukomiti, ndabwerako ku Lilongwe kuja, ndafika dzulo usiku. Ndati ndilembe pompano ndisanaiwale, zotsalazo ndidzafotokoza pakamwa Loweruka.

Paja munandituma ndi funso limodzi, lakuti kafukufuku uja a kampani akuti adzachita kuphiri kwathu, amene akumutchula ESIA, wounika mmene pulojekiti ingakhudzire chilengedwe ndi moyo wa anthu, ntchito yake yeniyeni ndi chani. Zomwe ndamva ine ndi zakuti ntchito yake ndi kuwunikira boma ndi eni malo asanagamule, kuti pulojekiti ichitike, kapena isinthidwe, olo ileke kumene. Ndiye kafukufukuyo akuyenera kutsogola, laisensi ibwere pambuyo.

Tsiku loyamba lonse tinakhalira pa nkhani za maiko ena, za mitundu ija amaitchula eni nthaka achikhalire, ndipo imene yandikhala pamtima mpaka pano ndi ya ku Australia. Kumalo otchedwa Juukan Gorge kunali mapanga awiri amene anthu anayamba kukhalamo zaka 46,000 zapitazo, eni ake ndi a Puutu Kunti Kurrama ndi a Pinikura. Kampani ya Rio Tinto inafuna miyala ya chitsulo pamenepo, boma linaipatsa chilolezo mu 2013, kenako mu 2014 akatswiri atakumba m'phangamo anapeza zinthu zambirimbiri kuphatikizapo tsitsi loluka la zaka pafupifupi 4,000, ataliyeza linagwirizana ndi magazi a anthu omwewa amene alipo lero. Koma chilolezo chinali chitatuluka kale ndiye palibe chinasintha, mu May 2020 anaphulitsa mapanga aja. Bwana wamkulu wa kampani anatula pansi udindo, inde, koma mapanga aja kulibenso. Ine nditamva zimenezi maganizo anathamangira ku manda athu akale aja kuseri kwa phiri, amene pa mapu a kampani palibe olo kachizindikiro.

Ya ku Canada inali yolimbikitsa. Kuyambira 1974 jaji wina, Thomas Berger, anapatsidwa ntchito yofufuza za paipi ya gasi yomwe inkafuna kudutsa chigwa cha mtsinje wa Mackenzie, iye sanangokhala m'tauni ayi, anayenda midzi 35 kumvera a Dene, a Inuit ndi a Métis akuyankhula m'zinenero zawo za nyama, nsomba ndi malo a makolo awo. Mu 1977 ananena kuti paipiyo idikire zaka 10 mpaka nkhani ya umwini wa malo itakambidwa kaye, ndipo nthawi imeneyo sinamangidwe. Apa mpamene ndinamvetsa kuti kafukufukuyu sayeza madzi ndi fumbi zokha, amayenera kufunsa kuti anthu azidya chani, azitunga kuti, maliro aziyika kuti, ndipo zimenezo konsaltanti wochokera kutali sangazidziwe pokhapokha atakhala pansi ndi agogo.

Anatiwerengeranso malangizo otchedwa Akwé: Kon, amene maiko anagwirizana mu 2004 pansi pa pangano loteteza zamoyo zosiyanasiyana. Dzinalo ndi la chinenero cha a Mohawk, kutanthauza zolengedwa zonse. Amenewa amati pounika pulojekiti pamalo opatulika kapena pamalo a makolo, chikhalidwe chiwerengedwe pamodzi ndi chilengedwe ndi moyo wa anthu. Kuipa kwake ndi kwakuti sakakamiza, dziko likhoza kuwatsata kapena ayi, ndipo izi sizinandisangalatse.

Mayi wina wa kumpoto anafunsa funso lomwe nanenso linali kukhosi, kuti ife Amalawi nkhani za eni nthaka achikhalire zikutikhudza bwanji poti si ife a Ogiek a ku Kenya amene anawina mlandu wa nkhalango ya Mau ku khoti la Africa mu 2017. Yankho linali lakuti malangizo aja amatchulanso anthu a m'midzi amene akukhala pamalo a makolo awo, komanso ife tili ndi lamulo lathu la zachilengedwe la 2017, ndipo lipoti la ESIA limapita ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, kuti akaliwunike pulojekiti isanayambe. Ndiye tisamaope kufunsa.

Pempho langa ndi ili a Tcheya. Konsaltanti akabwera tisasayine pepala lililonse la maina tisanamve kuti ndi la chani, chifukwa anzathu angapo anadandaula kuti kwawo pepala lolembapo obwera ku msonkhano linasanduka umboni woti mudzi wavomera. Tipemphe kuti zonse atifotokozere m'Chichewa, amayi akhale ndi nthawi yawo yoyankhula paokha, ndipo ife tiyambe tajambula mapu athu, manda, zitsime, dambwe, madimba, pomwe timazula mankhwala, tisanaone awo. Loweruka chonde muwauze amfumu ndi agogo aja odziwa malire akale abwere, ine ndibweretsa mapepala akuluakulu ndi zolembera zomwe anatipatsa.